Atsogoleri a zigawenga akuphedwa koma magulu sakutha, vuto lili pati?

Kadzidzi_wa_usiku:
Anzanga ndili ndi funso lomwe likundisowetsa tulo. America inakhala ku Afghanistan zaka 20, kuyambira 2001 mpaka 2021, ndege, madroni, ndalama zosawerengeka, koma pomwe asilikali omaliza ankakwera ndege a Taliban anali atakhala kale pampando ku Kabul. Osama bin Laden wa al-Qaeda anaphedwa 2011, al-Baghdadi wa ISIS anafa 2019, Shekau wa Boko Haram anafa 2021, koma magulu awo akadalipo ndipo ku Sahel, dera la kumwera kwa chipululu cha Sahara, zafika poipa kuposa kale. Nde ngati kupha atsogoleri sikuthetsa nkhani, chimabala anthu amenewa n'chiyani kwenikweni? Dziko lonse likulimbana ndi amene wagwira kale mfuti, palibe akufunsa kuti mawa adzaigwira ndani. Ndikufuna mayankho enieni, za "tiyeni tingokondana" ayi chonde.

Tsokonombwe:
Umphawi. Basi. Mnyamata woti ali pantchito, kumapeto kwa mwezi amalandira kenakake, sangapite kukagona kutchire ndi AK47.

Wosakhulupirira:
@Tsokonombwe aise bin Laden anali mwana wa mpondamatiki wa kampani yomanga ku Saudi Arabia. Mohamed Atta amene anatsogolera za pa 11 Seputembala 2001 anaphunzira pa yunivesite ku Hamburg. Breivik anapha anthu 77 ku Norway mu 2011, Norway yomweyi yolemera ija. Umphawi wake uti?

Tsokonombwe:
Mukutchula mabwana. Ine ndikunena za anyamata otumidwa aja, amene amafa tsiku ndi tsiku osatuluka m'nyuzi.

Mphunzitsi_wopuma:
Nonse awiri muli ndi mbali yake koma ndiloleni ndiwonjezere chimene ambiri amachilumpha. Bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona zachitukuko, linacheza ndi anthu amene analowadi m'magulu ngati Boko Haram ndi al-Shabaab, lipoti lake linatuluka 2017. Anawafunsa kuti chinakukankha komaliza n'chiyani, tsiku lomwe unati basi ndikupita. Anthu 71 pa 100 aliwonse anatchula zochita za boma, monga kuphedwa kapena kumangidwa kwa m'bale kapena mnzawo. Ndipo oposa theka anavomera kuti mabuku a chipembedzo chawo sankawadziwa bwino kapena sankawamvetsa n'komwe. Lipoti lachiwiri la 2023 linapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse analowa pofuna ntchito, nde a Tsokonombwe musakhumudwe, mfundo yanu ilimo. Koma taonani, osauka padziko lapansi alipo mamiliyoni mazanamazana ndipo ambiri sanagwirepo mfuti. Wosauka amapirira zambiri. Chimene sapirira n'kuona bambo ake akumenyedwa pamaso pake ndi munthu wovala yunifomu, kenako kupita kukadandaula n'kupeza kuti wolandira dandaulo ndi mnzake wa womenya uja. Pamenepo akabwera wina n'kumuuza kuti bwera kuno, ife tikupatsa mfuti, ndalama ndi ulemu, sipafunikanso ulaliki wautali.

NjovuYaikazi:
Izi nde zoona. Boko Haram yomwe tikuidziwa lero inayamba kulusa pambuyo poti mtsogoleri wake woyamba, Mohammed Yusuf, waphedwa ali m'manja mwa apolisi ku Maiduguri mu Julayi 2009, osapita naye kukhothi. Munthu anali atagwidwa kale. Akanamuzenga mlandu poyera anthu n'kumva zonse zomwe ankachita mwina otsatira ake ena akanabalalika, koma m'malo mwake anawapatsa munthu womulira, ndipo amene analowa m'malo mwake ndi Shekau, uja anaba atsikana 276 ku Chibok mu 2014.

Msilikali_wakale:
Ndawerenga zonsezi ndipo ndikuona kuti mukulankhula ngati anthu oti simunamvepo kulira kwa mfuti. Anthu akulowa m'mudzi akudula anzawo makosi, inu mukufuna tikhale pansi tifufuze kuti anakhumudwa ndi chiyani? Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, tauni ya Mocímboa da Praia inakhala m'manja mwa zigawenga chaka chathunthu, inabwerera mu Ogasiti 2021 asilikali a Rwanda atalowa. Sanaibweze ndi semina. Ku Sri Lanka a Tamil Tigers anagonjetsedwa ndi nkhondo mu Meyi 2009 ndipo sanadzukenso. Mfuti imagwira ntchito, tisanamizane.

Kadzidzi_wa_usiku:
Mkulu palibe wanena kuti asilikali akhale m'kampu anthu akuphedwa. Funso langa ndi loti akamaliza kuombera, kenako chiyani?

NjovuYaikazi:
@Msilikali_wakale bambo, Cabo Delgado yomweyo. Asilikali a Rwanda anabwera, a SADC anabwera 2021 n'kuchoka 2024, koma mpaka pano anthu akuthawabe m'midzi. Derali lili ndi gasi wa madola mabiliyoni 20 ku Palma, lili ndi miyala ya rubi ku Montepuez, koma ndi limodzi mwa madera osaukitsitsa ku Mozambique. Kumayambiriro kwa 2017 anyamata okumba miyala pawokha anathamangitsidwa ku Montepuez mwankhanza, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho kuukira koyamba kunachitika ku Mocímboa. Sindikunena kuti aliyense wothamangitsidwa anakhala chigawenga ayi, koma munthu ukamaona chuma chikutuluka m'nthaka ya makolo ako pamalole iwe ukuuzidwa kuti choka apa, wokulalikira zachidani sagwira ntchito yovuta.

Msilikali_wakale:
Nde mwana wa zaka 10 amene anamudula mutu analakwanji pa nkhani ya gasi? Muzisamala, kufotokoza kwambiri kumafika pokhala ngati kuikira kumbuyo.

Mphunzitsi_wopuma:
Dokotala akanena kuti kolera ikuchokera pachitsime chakuti sakuikira kumbuyo kolera, achimwene. Wopha mwana aweruzidwe, pamenepo sitikutsutsana. Za Sri Lanka zija, inde anapambana, koma anthu wamba masauzande ambiri anafera m'miyezi yomaliza ija ndipo mabanja a anthu osowa akufunsabe mpaka lero. Ndipo chitsanzo china chotsutsana nacho ndi Iraq. Mu Meyi 2003 Paul Bremer, amene America inamuika kuyendetsa dzikolo itagwetsa Saddam Hussein, anathetsa gulu lonse la nkhondo la Iraq ndi kuchotsa ntchito anthu a chipani cha Saddam cha Baath. Amuna mazana a masauzande odziwa kugwira zida anadzuka m'mawa alibe ntchito, alibe ulemu. Ena anakatsekeredwa ku ndende ya Camp Bucca komwe al-Baghdadi nayenso anakhalako mu 2004, n'kumadziwana bwinobwino ndi olalikira zonyanyira. Pofika Juni 2014 Mosul inagwa m'manja mwa ISIS, ndipo ena mwa okonza nkhondo zawo anali maofesala akale a Saddam. Nkhondo ya 2003 anaipambana m'masabata ochepa, zomwe anachita atapambana n'zomwe zinabala ISIS.

Kalulu_Mjomba:
Kkkk gulu lino lili ndi mapulofesa eti. Ine ndingoti vuto ndi chipembedzo, anthu asiye kupemphera monyanyira mtendere ubwera.

Mayi_a_awiri:
@Kalulu_Mjomba samalani pakamwa. Ku Rwanda 1994 opha ndi ophedwa ambiri ankapemphera tchalitchi chimodzi. A Khmer Rouge ku Cambodia sankafuna n'komwe kumva za chipembedzo koma anapha anthu pafupifupi mamiliyoni awiri. Gulu la zigawenga la FARC ku Colombia linali la chikomyunizimu. Amene anapha anthu 51 m'mizikiti ku Christchurch mu 2019 ankalambira khungu lake. Ndipo amene amaphedwa kwambiri ndi ISIS ndi al-Shabaab ndi Asilamu anzawo. Chidani chimavala chovala chilichonse chomwe chapeza pafupi.

Kalulu_Mjomba:
Chabwino mayi ndamva, musandimeze.

Mayi_a_awiri:
Ndifotokozeko zomwe zinachitika m'banja mwathu, mwina zithandiza wina. Mlongo wanga wamng'ono anamaliza sukulu bwinobwino koma ntchito osaipeza, zaka zikungopita, anzake akukwatira iye akadali pakhomo pa makolo. Anayamba kukhala pafoni usiku wonse. Poyamba anali mavidiyo olimbikitsa anyamata, zolimbitsa thupi, kudzidalira, ife n'kumati bola. Kenako tinangoona malankhulidwe asintha, chilichonse cholakwika pamoyo wake ankaloza anthu a mtundu wina wake, akuti ndi amene alanda ntchito, akuti ndi amene akuononga dziko, mawu oti sanawaphunzire kwathu. Anali m'gulu lina la pa Telegram momwe ankamutcha m'bale, akalemba kanthu anthu makumi angapo amamuyamikira pomwe kunyumba tonse tinkangomufunsa kuti ntchito ija bwanji. Ine ndinkalimbana naye ndi mfundo, ndikamutsutsa iye amakalemba m'gulu muja kuti mwaona, ngakhale abale anga ndi akhungu, ndipo amamuombera m'manja. Amene anamubweza ndi amalume athu, munthu wosadziwa n'komwe kuti Telegram n'chiyani. Sanatsutsane naye ngakhale kamodzi, ankangomutenga kukawathandiza ntchito yawo yokonza magalimoto, kumupatsa makiyi, kumutuma kwa makasitomala, ena mwa iwo a mtundu womwe ankautukwana uja. Pang'onopang'ono foni inayamba kukhala m'thumba. Sindinganene kuti maganizo onse aja anatheratu, nthawi zina amatulukabe, koma pano ali ndi anthu omudalira m'mawa uliwonse ndipo gulu lija anatulukamo yekha.

Nyenyezi77:
Mayi mwandikhudza. Anthu amaganiza kuti olemba anthu m'magulu amenewa amayamba ndi kuphunzitsa chidani, ayi, amayamba ndi kukufunsa kuti wadzuka bwanji pomwe wina aliyense anasiya kukufunsa.

Wosakhulupirira:
Nkhani yabwino koma amalume sangakwanire dziko lonse. Makampani a intaneti nawonso ayankhepo. Facebook inavomera yokha mu 2018 kuti sinachite zokwanira kuletsa mauthenga achidani ku Myanmar pomwe a Rohingya oposa 700,000 ankathawira ku Bangladesh. Wa ku Christchurch uja ankaonetsa kupha kwake pompopompo pa Facebook. Makina awo amakankhira patsogolo chilichonse chokwiyitsa anthu poti wokwiya sachoka pafoni, ndipo wosachoka pafoni ndi ndalama.

Gogo_wa_pa_neti:
Ana inu musaiwale kuti ku Rwanda kunalibe Facebook, inali wailesi ya RTLM basi. Chida chimasintha, olankhula ndi omwewo, andale ofuna mpando amene aona kuti njira yachidule ndi kuuza anthu kuti mavuto anu onse ndi aneba anuwo.

Tsokonombwe:
Ine ndimati mpira ndi umene ungagwirizanitse dziko. Drogba anagwada pa TV mu 2005 Ivory Coast itapeza malo ku World Cup kupempha kuti aike zida pansi, nkhondo inaima.

Kalulu_Mjomba:
Drogba yemweyo wa Chelsea? Uja ankangodzigwetsa mu bokosi? Kkkkk

Tsokonombwe:
Ulemu pang'ono aise, 2012 ku Munich unali kuti? Mutu umodzi, penate yomaliza, chikho.

Kalulu_Mjomba:
Bayern inangochita tsoka tsiku lija, aliyense akudziwa.

NjovuYaikazi:
Abale tabwererani, za Chelsea kuli gulu lake. Ndipo @Tsokonombwe nkhani ya Drogba anthu amaikometsera. Anachita zabwino, anapemphanso kuti masewero ndi Madagascar mu 2007 akachitikire ku Bouaké komwe kunali likulu la oukira, koma chisankho cha 2010 chitavuta nkhondo inabukanso anthu pafupifupi 3,000 n'kufa. Chifukwa funso lenileni, loti mwini dziko ndani ndipo mlendo ndani, malo ndi a ndani, woyenera kuvota ndani, linali lisanayankhidwe. Mpira unawapumitsa, sunawaweruze.

Kadzidzi_wa_usiku:
Tabwerera. Nde tinene kuti tagwirizana kuti nkhanza za boma, ulova, kusalidwa ndi andale achidani n'zomwe zimadyetsa magulu amenewa. Nanga amene analowa kale aja titani nawo? Onse kundende?

Mphunzitsi_wopuma:
Apa m'pamene pamavuta kwambiri, ndipo ine maganizo anga ndi oti popanda khomo lotulukira nkhondo siitha. Munthu akadziwa kuti akatuluka m'tchire aphedwa kapena akafera kundende, amamenya mpaka chipolopolo chomaliza. Uganda inakhazikitsa lamulo la chikhululukiro mu 2000 ndipo anthu masauzande ambiri a gulu la zigawenga la LRA anatuluka, ena atamva pa wailesi mawu a anzawo amene anabwerera kale akunena kuti tili moyo, bwerani. Nigeria ili ndi pologalamu yolandira a Boko Haram olapa ya Operation Safe Corridor kuyambira 2016. Ku Aarhus ku Denmark apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amagwirira limodzi ntchito, achinyamata obwerera kuchokera ku Syria amene sanapezeke ndi mlandu ankapatsidwa munthu wowayang'anira, sukulu ndi thandizo lopeza ntchito.

Msilikali_wakale:
Nde wopha apatsidwe maphunziro a ntchito zamanja ndi ndalama yoyambira, wamasiye amene bambo ake anaphedwa ali mu kampu ya othawa kwawo alibe ngakhale bulangete? Mukuphunzitsa ana kuti njira yopezera thandizo la boma ndi kuyamba wapha.

Nyenyezi77:
Apa nde ndili mbali ya a Msilikali. Ku Nigeria komweko anthu ambiri a m'midzi amakana kulandira "olapa" amenewa ndipo sindingawadzudzule.

Mayi_a_awiri:
Nanga Dominic Ongwen mumuika mbali iti? Anabedwa ndi LRA ali kamwana akupita kusukulu, anakula m'tchire, anadzakhala mkulu wa asilikali woopsa, khothi la padziko lonse la ICC linamupeza wolakwa mu 2021 n'kumupatsa zaka 25. Boma lomwe linalephera kumuteteza tsiku lomwe ankabedwa silinaimepo pakhothi. Sindikuti amasulidwe, anthu amene anawazunza ndi enieni, koma m'magulu amenewa muli ana ambiri oti sanasankhe.

Mphunzitsi_wopuma:
A Msilikali mfundo yanu ndi yolemera ndipo ndi imene inagwetsa referendamu ya ku Colombia mu Okutobala 2016, anthu anakana mgwirizano ndi FARC ndi mavoti ochepa kwambiri poona kuti zilango zafewa, mpaka anakaukonzanso n'kuudutsitsa kunyumba ya malamulo. Chomwe ndikuona ine n'choti thandizo likamapita kwa wolapa yekha limabala chidani chatsopano. Liyambire kwa ozunzidwa ndi mudzi wonse, wobwerera apeze gawo lake mkati mwa zimenezo, ndipo aulule zomwe anachita pamaso pa anthu. Makhothi akumudzi otchedwa gacaca ku Rwanda anaweruza milandu ya kuphana kwa mu 1994 pafupifupi mamiliyoni awiri pofika 2012, anali ndi zofooka zambiri, ena ananamiziridwa, milandu ya asilikali a RPF, gulu lomwe linatenga boma, sinalowemo, koma amasiye ambiri anadziwirako komwe kunatayidwa mitembo ya abale awo. Atsogoleri okonza kupha aja ndi ena, amenewo kukhothi basi.

Wosakhulupirira:
Zonsezi mukukamba ngati mavuto amabadwira m'dziko momwemo. Nanga ogulitsa zida? Mu 2023 dziko lapansi linaononga madola opitirira 2.4 thililiyoni pa zankhondo. Mayiko asanu okhala ndi mipando yokhazikika ku Security Council ya UN, omwe akuti ndi alonda a mtendere, alinso m'gulu la ogulitsa zida akuluakulu. NATO itaphulitsa Libya mu 2011 Gaddafi n'kugwa, nkhokwe za zida zinatseguka, chaka chotsatira kumpoto kwa Mali kunagwa, lero Burkina Faso ndi Niger zikuyaka. Amene anaponya mabomba aja anabwerera kwawo kukagona. Mtendere wa dziko lonse ubwera bwanji pomwe nkhondo ndi bizinesi ya amene ali ndi mphamvu yoletsa?

Gogo_wa_pa_neti:
Onjezanipo chilala. Nyanja ya Chad yaphwa kwambiri poyerekeza ndi m'ma 1960, asodzi, alimi ndi oweta ng'ombe akulimbirana kadera kochepa. Ku Mali oweta a mtundu wa Fulani akalandidwa ziweto kapena kulipitsidwa ziphuphu boma silioneka, zigawenga zimabwera n'kuweruza mlandu tsiku lomwelo. Kenako asilikali amabwera n'kutenga Mfulani aliyense ngati chigawenga. Mukuganiza mwana wa m'mudzi umenewo apita kuti?

Kadzidzi_wa_usiku:
Gogo mfundo ya kuweruza milanduyo ndi yaikulu. A Taliban nawonso ankakopa anthu akumidzi ndi makhothi awo achangu osafuna chiphuphu, ngakhale zilango zake zinali zankhanza. Zikuoneka kuti anthu amathamangira kwa aliyense amene angawamvere dandaulo.

Nyenyezi77:
Pali chitsanzo cha anthu oti anasinthadi? Chifukwa mpaka pano tangomva zogwetsa ulesi.

NjovuYaikazi:
Chilipo. Ku Kaduna ku Nigeria, Imam Muhammad Ashafa ndi Pastor James Wuye ankatsogolera magulu a achinyamata omenyana. Wuye anaduka dzanja pa zipolowe za 1992, Ashafa anataya mphunzitsi wake ndi abale. Mu 1995 anakumana ndipo pambuyo pake anayambitsa Interfaith Mediation Centre, akhala akuyanjanitsa midzi kwa zaka zambiri. Achinyamata amawamvera poti sangawauze kuti simukudziwa zomwe tikumva. Chinanso Northern Ireland. Anthu pafupifupi 3,500 anafa m'zaka 30. Boma la Britain litayamba kutsekera anthu popanda mlandu mu 1971, kenako asilikali n'kupha anthu 13 ochita zionetsero ku Derry mu Januwale 1972, achinyamata anakhamukira ku IRA, gulu la zida lofuna kuchotsa ulamuliro wa Britain m'derali. Zinatha ndi mgwirizano wa 1998 womwe unakhudza zomwe ankadandaula zija, kugawana mphamvu m'boma, kusintha apolisi kuti Akatolika nawonso alowemo, kumasula akaidi. Mpaka lero ku Belfast kuli makoma olekanitsa madera, sikuti amakondana, koma ana akupita kusukulu osaopa bomba.

Msilikali_wakale:
IRA inkafuna dziko, ukhoza kukambirana nayo za malire ndi mipando. ISIS ikufuna aliyense wosagwirizana nayo afe. Mukapatsana chiyani patebulo? Theka la mitu yathu?

Mphunzitsi_wopuma:
Ndi akuluakulu a ISIS mwina palibe chokambirana, ndikuvomereza. Koma pansi pawo pali mlimi amene analowa poti ng'ombe zake zinalandidwa, pali mnyamata amene analonjezedwa njinga yamoto ndi malipiro, pali mtsikana wobedwa. Amenewo ndi ambiri kuposa okhulupirira zenizeni aja ndipo zofuna zawo boma likhoza kuzikwanitsa. Mukawachotsa amenewo otsalawo ndi ochepa oti asilikali anu athana nawo. Komanso mawu oti "ndi awa sitingakambirane" ananenedwapo kambirimbiri. John Major, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, ananena ku nyumba ya malamulo mu 1993 kuti kulankhula ndi Gerry Adams, mtsogoleri wa chipani chogwirizana ndi IRA, kungamuchititse nseru, mwezi womwewo zinaululika kuti boma lake linali ndi njira yachinsinsi yolumikizirana ndi IRA. Renamo inkatchedwa gulu la achifwamba chabe, koma mu Okutobala 1992 Chissano ndi Dhlakama anasainirana ku Rome mothandizidwa ndi a bungwe la Chikatolika la Sant'Egidio. America inamenyana ndi Taliban zaka zonse zija n'kukasainirana nawo ku Doha mu Febuluwale 2020.

Wosakhulupirira:
Ndipo za ku Doha zinathera poti atsikana aku Afghanistan saloledwa kupitirira sitandade 6. Chitsanzo chimenecho musachiwerengere ku mbali ya zopambana aphunzitsi.

Mphunzitsi_wopuma:
Sindikuchiwerengera. Patebulo paja panalibe boma la Afghanistan, panalibe amayi, anali mlendo wofuna kunyamuka ndi gulu lodikira kuti anyamuke. Ku Northern Ireland zipani za mbali zonse zinalipo, kuphatikizapo chipani cha amayi cha Women's Coalition, ndipo anthu anavotera mgwirizanowo pa referendamu.

Msilikali_wakale:
Chabwino. Koma tsiku lomwe akulowa m'mudzi mwanu usiku mudzaimbira ine, simudzaimbira a Sant'Egidio.

Mayi_a_awiri:
Tidzakuimbirani ndithu bambo. Pempho ndi loti mukafika musadzatenge anyamata onse a m'mudzimo kuwakweza mu lole poti mmodzi mwa iwo mukumukayikira.

Kalulu_Mjomba:
A admin tsegulani ulusi wina wa Bayern ndi Chelsea, ine ndi Tsokonombwe sitinamalize.